Zithunzi za a Robson Zopanda Mayina

Munthu amene anakulira ku Lundazi n'kunena kuti a Robson Mtonga sanamujambulepo, mwina anabadwa foni zitabwera kale. Enafe tonse tinaimapo kutsogolo kwawo titaumitsa khosi, iwo akutikalipira kuti: "Imwe, si nikupelekani ku polisi. Masukani!"

Sukulu anailekezera giredi 4, bambo awo atawatengera kumunda wa fodya. Kamera yoyamba anaigula kwa wamalonda wina wa ku Kasungu, ndipo panalibe wowaphunzitsa. Mafilimu ankawatumiza ku Chipata pa minibasi, n'kudikira mlungu wathunthu kuti aone zimene alakwitsa. Oyambirira ankabwerako anthu atada bii, mano okha akuoneka. Sanafooke. Anazindikira okha kuti dzuwa la masana si bwenzi la khungu lathu, motero ankakuimika pakhonde, wina n'kugwira thumba loyera la fetereza cham'mbali kuti kuwala kubwerere kumaso. Asanadine, ankayamba akufunsa za mtedza wako mpaka uiwale kamera.

Ine ndine mphunzitsi, Irene Banda, ndipo ndinkawaseka. Pochita mwambo wina kusukulu kwathu, komiti inati wojambula akhale ndi satifiketi ya giredi 12, ndipo ine ndinakweza nawo dzanja. Tinaitana wa ku Chipata wa dipuloma. Ndisanene bodza, anajambula bwino, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse analemba dzina, malo ndi tsiku. A Robson ataziona anangoti, "Yewo, mwanayu aziba nchito." Ine ndinaganiza kuti akunena za kamera.

Chaka chatha amayi anga anamwalira ku Chikomeni. Pokonzekera chiliza tinafuna chithunzi chawo, koma tinangopeza cha pa reji, chitupa chija cha boma, nkhope itafufutika ndi thukuta. Ndinalira ngati maliro ayambiranso. Mlongo wanga ndiye anandikumbutsa kuti a Robson ankayenda pa njinga m'midzi yonseyo nyengo yogulitsa fodya, anthu akavala zatsopano.

Ndinapita ndi manyazi. Ndinawapeza pakhonde, dzanja lamanja lili lende chifukwa cha sitiroko. Akazi awo, a Eness, amene onse amawatchula a Nyazimba potsata mfunda wawo, anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Munali zithunzi zonse zimene eni ake sanabwere kudzatenga pa zaka pafupifupi makumi atatu. Poti kulemba kunkawavuta, a Robson ankazimanga m'mitolo ndi nsanza za chitenje, mudzi uliwonse mtundu wake. Mayina onse anali m'mutu.

"Chikomeni ni cobiliwila," anatero. Anasanthula ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, mpaka anatulutsa chimodzi. "Aba ni amama banu. Banakana kuvula duku."

Analidi amayi, akuseka, lichero lili m'manja. Sindinawaonepo akuseka chotero pachithunzi chilichonse. Nditapukuta misozi ndinaloza mayi wina amene anaima pambali pawo. A Robson anayang'ana nthawi yaitali.

"Mailo nenze kubaziba," anatero motsitsa mawu, kutanthauza kuti dzulo lomweli ankawadziwa mayiwo. "Aticha, kujambula ninaphunzila neka, ndipo palibe anganipose pa kuika munthu pa laiti. Koma uja wa ku Chipata akafa, vithunzi vake vizakamba veka. Vanga vikamba na pakamwa panga cabe, manje pakamwa paja payamba kuvalika."

Ndinamva zimene ankatanthauza: pakamwa pawo panali patayamba kutsekeka. Ine amene ndinkati alibe sukulu, tsiku limenelo ndinafuna kuwauza kuti sukulu ilibe ntchito, koma likanakhala bodza, ndipo iwo akanadziwa. Maso anali nawo kuposa tonsefe. Chimene anamanidwa kumunda wa fodya kuja chinali chaching'ono, cholembera basi, ndipo n'chimene chinali kuwalanda ntchito ya moyo wawo wonse.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndimapita kwawo ndi pensulo. Iwo amatchula, ine ndimalemba kuseri. Tsiku labwino timamaliza mtolo wathunthu, ndipo amandiuza ndi miseche yomwe: uyu anabwereka jekete, uyu anathawa ukwati patatha mwezi. Tsiku loipa mayina amawathawa, ndipo zithunzi zotero timaziika m'katoni ina kuti mwina wina adzazizindikira pa msika wa Lundazi. Katoniyo ikudzaza msanga kuposa mmene ndikanafunira, ndipo zimandiwawa.

Loweruka lapitali tinamasula mtolo wansanza yofiira, wa pa boma pomwe pano. Munali chithunzi cha mtsikana atakhala pa kaliyala ya njinga, atavala diresi lamadontho, kuwala kutamugwera bwino patsaya. Chinali chokongola kuposa zonse zimene ndinaziona m'bokosimo. A Robson anachiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsa.

"Uyu ninamujambula bwino," anatero monyadira. "Koma sinimuziba. Ikani mu katoni."

A Nyazimba anali ataima pakhomo ndi makapu a tiyi. Anawaika pansi, n'kubwera kudzatenga chithunzicho m'manja mwa amuna awo. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, kenaka anandipatsa chitatembenuzidwa.

"Lembani, aticha," anatero. "Eness Zimba. Tsiku lamene anabwela kunifunsila."

Ndinalemba. A Robson anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana akazi awo, ndipo anawapempha kuti asunthire pang'ono kumanzere, chifukwa pamene anaimapo kuwala sikunali bwino.