Mayeso a a Shawa ndi Mwana wa ku Makululu

Mu Kabwe ambiri amawadziwa a Zephaniah Shawa monga mkulu wa mpingo wa Reformed, koma ndi ochepa amene amadziwa chimene amachita m'kati mwa sabata. Makolo awo anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. A Shawa anayamba ndi mawaya a lamya za m'nyumba, ndipo lamyazo zitatha ntchito analowa pa kampani ina yaing'ono yokonza zipangizo za pa nsanja za mafoni. Udindo wawo ndi kulemba ndi kuphunzitsa achinyamata oyesa zipangizozo zisanabwezedwe ku nsanja. Woyesa akakhutira amamata sitika yobiriwira, akapeza chilema amamata yofiira. Chipangizo chodwala chikapita ndi sitika yobiriwira, dera lonse limakhala lopanda netiweki kufikira galimoto itabwererako.

Mayeso awo ndi achilendo. Amamasula dala kawaya kena m'kati mwa chipangizo, nachiika patebulo, nanena mofatsa kuti, "Ichi ndakonza ndi manja anga. Ingotsimikizani kuti chili bwino." Chimene amafuna kuona n'chakuti kaya mwanayo angathe kuuza munthu waimvi kuti walakwa.

Popita kwa zaka anazindikira chinthu chimene chinawazunguza mutu: pafupifupi onse amene anawalemba anali Abemba. Chifukwa chake si chobisika kwa odziwa chimbuya, ubale uja wonyozana mwanthabwala wa pakati pa Abemba ndi anthu a kummawa. Mbemba akamva dzina lakuti Shawa, mantha onse amatha. Mapalo Chisanga, amene tsopano ndi wachiwiri wawo, pa tsiku la mayeso ake anangoti, "Awe ba mbuya, ichi munakonza mutakhuta mbewa. Kawaya kali lende!" Analembedwa pomwepo. Koma ana a kwawo kwa a Shawa, oleredwa m'mwambo wosatsutsa akulu, ankayang'ana pansi n'kunena kuti chipangizo chili bwino, ndipo ankabwerera kwawo.

Chaka chathachi kunatsala malo amodzi, ndipo anabwera Lorraine Miti wa ku komboni ya Makululu. Anamaliza maphunziro a zamagetsi kalekale, koma ankangokhala m'kabokosi ka m'mbali mwa msewu kugulitsa mayunitsi. Akanalephera, akanabwerera komweko. Chovuta chinali chakuti amaimba kwaya mumpingo wa a Shawa, ndipo chikhalire sanalankhulepo nawo ataimirira.

Analumikiza zingwe, nayatsa chipangizocho, ndipo sanafulumire. Anachilola kuti chitenthe, maso ali pa mita. Muvi wa mita unagwa, nukwera, nugwanso. A Shawa anatuluka pang'ono monga amachitira, ndipo pobwera anapeza mwanayo atagwada pambali pa tebulo.

"Wapezanji, mwanawe?"

"Atate, mwina mitayi ndiyo yatopa."

"Mita njatsopano. Ine ndafunsa za chipangizo."

"Inu mwagwira ntchitoyi ine ndisanabadwe, atate. Ndine yani kuti ndinenepo?"

Mapalo, amene anali pakhomo, anaseka. "Mwaona anthu a kwanu, ba mbuya? Mukawapatsa njerwa n'kunena kuti ndi foni, adzayamba kuimbira achibale."

"Khala chete, iwe wodya anyani," anatero a Shawa, koma mtima wawo unali utalemera. Anamthokoza Lorraine, namuuza kuti akhoza kupita.

Mapalo ananyamula chipangizocho kuti akachisunge. Pochitembenuza anaima. Kunsi kwake, pamalo poti munthu wokhala pampando sangaone, panali sitika yofiira yomatidwa bwinobwino. Anathamanga mpaka pa siteji, nampeza mtsikanayo mwendo umodzi uli kale mu minibasi.

Mapalo atabwerera naye, a Shawa sanamdzudzule. Ankangofuna kumvetsa.

"Unachiona chilemacho?"

"Inde, atate. Kawaya ka kumbuyo kakulekana chipangizo chikatentha."

"Nanga unalekeranji kunena?"

"Pakhomo panali mlendo, atate. Sindikanakuchititsani manyazi pamaso pa Mbemba, akanakuimbani nyimbo chaka chonse. Koma chikanapita ku nsanja chotero, anthu akanavutika. Ndiye ndinamata kunsi kuti okweza m'galimoto aone."

"Mlendo ndine?" anatero Mapalo. "Mayo, ine ndimawaimba kale!"

A Shawa anamuuza Lorraine kuti malowo ndi ake, koma kuti sitika yokha siikwanira, popeza woyesa nthawi zina amalankhula pa foni ndi munthu amene ali pamwamba pa nsanja, ndipo kumeneko mawu ozungulira angapweteke munthu. Choncho maphunziro a Lorraine anali osiyana ndi a anzake. Za mita ndi zingwe anazigwira msanga. Chimene anavutika nacho miyezi ingapo chinali kuimirira pamaso pa mkulu wa mpingo wake n'kunena momveka kuti, "Atate, apa mwalakwitsa." Poyamba mawuwo ankatuluka ngati kunong'ona. Tsopano amawanena onse akumva, ngakhale kuti amayambabe ndi "pepani kwambiri," ndipo a Shawa anamlola kusunga mawu amenewo.

Chimene sichiwachokera m'maganizo a Shawa ndi ana ena aja a kummawa amene anawabweza m'zaka zapitazo. A Shawa ankamvera pakamwa pokha, ndipo sakumbukira kuti anatembenuzapo chipangizo cha wina aliyense. Masiku ano akakumana ndi mmodzi wa anawo pabwalo la tchalitchi, amamuitanira pambali, namfunsa mwaulemu ngati tsiku lija anaona kanthu. Ena amati sakumbukira. Ena amangoyang'ana pansi n'kumwetulira.