Nyimbo ya Malemu Salvador Yopanda Nkhope

Inu amene munachitapo manyazi pagulu n'kuganiza zobisala mpaka kalekale, mvetserani za Lígia wa ku Lulimile, mumzinda wa Lichinga.

Pa tsiku la misa yokumbukira malemu Salvador, mwamuna wa azakhali ake, Lígia anaima pamaso pa abale onse, fulashi yosungira vidiyo ili m'manja. Anali atalephera kawiri mayeso omaliza a sekondale, ndipo kujambula mavidiyo pa foni ndicho chokha chimene ankadzitama nacho. Miyezi ingapo m'mbuyomo anawajambula bambo Salvador akutsogolera kwaya. Panalibenso vidiyo ina ya malemuwo, ndipo iye anali atalengeza khomo ndi khomo kuti aliyense adzawaonanso.

Anabaya fulashi pa kompyuta yobwereka ku parishi. Nyimbo inamveka bwino, mawu a malemu ali pamwamba pa onse. Koma pagalasi panali bii!

Azakhali ake, mayi Deolinda, anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasilo. Maso awo anali atayamba ng'ala, choncho anaganiza kuti olakwa ndi maso awowo.

"Mwana wa achimwene, ndikuwamva. Nanga nkhope yawo ili poti? Tandilozera."

Msuweni wina anang'ung'udza kuti wolephera kusukulu walepheranso pamisa.

Apa ndipo Lígia analakwa kwenikweni, ndipo sindimuikira kumbuyo. Anati kompyuta ya parishi ndi yakufa, natuluka. Koma Cristóvão, mwana wa malemu amene amagwira ntchito ku Nampula, atatsegula vidiyo yomweyo, imene Lígia anali atamutumizira pa intaneti, pulogalamu yake yotsegulira masamba inakananso kuonetsa chithunzi. Bodza lija linathera pomwepo.

Lígia anasiya kupita kwa azakhali. Popita kumsika ankazungulira ku Sanjala kuti asadutse pakhomo pawo. Atamva kuti mavidiyo a dzina lothera ndi mp4 amatseguka paliponse, anafufuta mathero a dzina la vidiyo yake n'kulembapo mp4. Mdima unali womwewo. Chenjerani, abale anga: manyazi amamutuma munthu kusintha dzina la vuto, vutolo osalikhudza. M'masabata onsewo ng'ala inkakulirakulira m'maso mwa mayi Deolinda.

Panali munthu mmodzi amene akanamuthandiza, yemweyo amene Lígia sankafuna kumuona. Anali Arsénio wa ku Assumane, amene ankakhala naye desiki imodzi, koma iye anakhoza mayeso aja, ndipo tsopano amaphunzitsa za makompyuta. Tsiku lina atamva amayi ake akunena kuti azakhali ayamba kuzindikira alendo ndi mawu okha, Lígia anapita kukaodira kwa Arsénio, maso ali pansi.

Arsénio anaseka atamva za kusintha dzina kuja. "Mana Lígia, mlongo wanga, ukalemba kuti nyemba pa thumba la mbatata, mkati mumasanduka nyemba?"

Kenako anamufotokozera mofatsa. Dzina la mp4 ndi thumba chabe. Mkati mwake chithunzi chimapanikizidwa mwa njira yake kuti chichepe, mawu mwa njira yawonso, ndipo njira zimenezi amazitcha makodeki. Foni yake inapanikiza chithunzi mwa njira yatsopano ya H.265, pamene kompyuta ya parishi ndi ya Cristóvão zinkadziwa kumasula H.264 yakale. Mawu okha ndiwo zinatha kumasula. Nkhope ya malemu inalimobe m'thumba, yosawonongeka.

Lígia anapempha kuti amukonzere. Arsénio anakana, nati azimubwereka kompyuta Loweruka lililonse, koma manja akhale a Lígia mwini.

Lígia anayamba ndi kusunga vidiyo yoyamba pamalo awiri, kuti asaiwononge poyesa. Anaika pulogalamu yoonetsera mavidiyo imene imabwera ndi makodeki ake, ndipo kwa nthawi yoyamba chithunzi chinaoneka pa kompyuta. Koma TV ya azakhali ndi kompyuta ya Cristóvão sizikanapindula nazo zimenezo, motero anayenera kusandutsa vidiyo yonse kukhala H.264. Poyamba nyimbo inatsogola, milomo ya malemu ikubwera m'mbuyo. Atabwereza anapanikiza mopitirira, nkhope inasweka timabokosi. Loweruka linadutsa, lina n'kubwera, mpaka milomo ndi mawu zinagwirizana.

Anapita yekha kwa azakhali, osalengeza kwa munthu. Anagwada, napepesa chifukwa cha bodza lake ndi kuthawa kwake. Mayi Deolinda anangoti, "Tseka makatani, kuwala kumandisokoneza."

Azakhali anakhala pampando pafupi kwambiri ndi TV. Nyimbo inayamba. Anapendeketsa mutu kuti aonere diso lamanzere limene linali likugwirabe. Kenako anaika chala pagalasi.

"Taona nkhalamba iyi. Yavala jekete lija ndinailetsa, la batani limodzi." Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Bwezeranso, mwanangu."

Lero makwaya ndi eni maukwati a mu Lichinga amamufunafuna Lígia, chifukwa vidiyo iliyonse amayamba waiyesa pa TV yakale ndi pa intaneti asanaipereke.

Tsono ndikuchenjezani. Kulephera pagulu si mlandu, koma kubisala kumadya nthawi ya anthu amene akukudikirani, ndipo maso a ena sadzadikira mpaka manyazi anu athe. Dzukani, kagogodeni pakhomo limene mukuliopalo. Musataye mtima.