Shamsa ndi Hedi Yopindika

Tsiku limene Shamsa anamaliza eda, miyezi imene mkazi wachisilamu amabindikira mwamuna akamwalira, anapeza pikiapu ya malemu ili pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndiyo inkanyamula usipa kuchoka ku Liwaladzi kupita ku Dwangwa. Ndiyo inkadyetsa ana.

Mlamu wake Yakubu, amene ankaiyendetsa, anali ataiwiritsa pamsewu. M'malo modikira kuti izizire, anatunga madzi mumtsinje n'kukhuthulira pa injini ngati akuzimitsa mbaula. Hedi, chivundikiro cha injini chija, inapindika. Madzi analowa mu oyilo mpaka anaoneka ngati tiyi wamkaka.

"Alamu, chitsulochi chatha," anatero Yakubu. "Tigulitse, inu muzipita kwanu ndi anawa."

Kwawoko kunalibe munda, makolo anapita kale. Shamsa analira mpaka mawu kusasa.

Kenako anatengera hediyo ku Dwangwa. Makaniko wina, a Eston, anagoneka rula yachitsulo pamwamba pake, kuwala n'kumadutsa pansi pake. "Sinang'aluke, mayi, koma yapindika. Makina opalira ali kutali. Apo ayi, galasi ndi sandipepala, ngati mikono muli nayo."

Shamsa anazula galasi la pawindo n'kutsekapo katoni. Anamata sandipepala pagalasilo n'kumakwechapo hediyo, uku ndi uko, mpaka zala kusupuka. Atamanga injiniyo koyamba, gasiketi, chotsekera mpata pakati pa hedi ndi injini, inapsa. Ana anagonera mango owiritsa. Anayambiranso, misozi ikugwera pachitsulo.

Injini italira bwinobwino, Yakubu anatulukira ndi amalume ake. Anati galimoto ndi ya kubanja kwawo, ndipo anaitenga. Anthu alibe manyazi, abale anga. Ili yakufa inali ya Shamsa, itadzuka inapeza eni ake. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Shamsa anayamba kulongedza katundu kuti azipita kwawo. Ali m'kati momanga mphasa, dalaivala wa minibasi anafika atasenza hedi m'thumba.

"Mayi, a Eston akuti inu mumawongola zimenezi."

Shamsa anayang'ana zala zake zamabala, kenako ana. "Ikani apo," anatero, n'kumasula mphasa ija.

Pikiapu sinabwerere. Msana umamupweteka, ntchito imabwera mwa apo ndi apo. Koma ana akukulira pakhomo pa bambo awo, ndipo amadya.

Inu amene mwakhetsa thukuta ena n'kukolola, lirani, palibe choletsa. Koma musataye mtima. Angakulandeni chimene mwakonza, koma manja amene anakonzawo sangachoke nawo.