Atate avalanso chisoti cha kumgodi

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zachitika kuno ku Katondo, ku Kabwe.

Kusukulu kwa Misozi wanga kwabwera matabuleti, makompyuta a m'manja aja. Aphunzitsi anauza ana kuti aliyense ajambule munthu wamkulu akufotokoza mbiri ya Kabwe, mphindi zitatu chabe, ndipo zidzawerengedwa pa mayeso. Misozi anasankha agogo ake, Atate.

Mukuwadziwa Atate, chitsekereni mgodi umene ankagwirako ntchito, nkhani imeneyi safuna n'kuimva komwe. Mumtima ndinati mwanayu walephera basi.

Koma dzulo iwo anangoti, "Dikira mdzukulu, munthu salowa pansi wopanda chisoti." Ulendo wa kukhola, kukathamangitsa nkhuku m'chisoti chija Amayi anachisandutsa choikiramo mazira! Anachipukuta n'kuvala, nthenga ikulendewera pakhutu. Mphindi zitatu zija zinasanduka ola lathunthu. Anatchula anzawo onse a pashifiti, n'kuyamba nyimbo yawo, mpaka batire kutha.

Manje lero aphunzitsi aona vidiyoyo, akuti Atate abwere Lachisanu kalasi yonse idzawafunse. Eni ake avomera kale, akufunsa jekete.

Mukuti bwanji, tiwalole ndi miyendo yawo yopweteka ija? Nanga ndani mwa inu ankadziwa kuti Atate amaimba? Zaka zonsezi ife ana awo sitinawafunsepo.