Miyala ya Kunsi kwa Manda

Pakomboni pathu, pafamu ina kufupi ndi Shamva, tinali ndi anebahudu asanu ndi mmodzi, anthu athu omwe amene apolisi anawasankha kuti aziyang'anira mtendere. Asanu anali amuna, ndipo anapatsidwa ndodo ndi malaya onyezimira. Wotsalayo anali mayi wachikulire, wamfupi, woyenda motsimphina. Malaya anatha iwo asanalandire, choncho anangowapatsa wezulo. Amuna aja ankathamangitsa akuba ng'ombe ndi odula mawaya a magetsi. Amayiwo zawo zinali ndewu za pamjigo ndi maanja omenyana, ndipo tinkawaseka kuti wezulo wawoyo amaopedwa ndi nkhuku zokha.

Ine sindinkangowaseka, ndinkadana nawo. Chaka changa choyamba m'banja ndinabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere timati mtayo, ndipo mwambo wake ngwouma. Salira maliro, amuna sapitako, mayi wake sapitako. Amakaika ndi amayi akuluakulu okha, popanda mtumbira, popanda mtanda, ndipo sanena pamene aika. Amene anatuluka naye m'nyumba mwanga, atamukulunga m'chitenje changa, anali amayi a wezulowa. Ali pakhomo anatembenuka nati, "Usalire mwanawe, ungatseke mimba." Ndinamvera. Ndinabereka ena anayi, onse amoyo, koma ndikakumana ndi amayiwo pamjigo ndinkayang'ana kumbali.

Patapita zaka zambiri kunabwera makorokoza, amuna okumba golide. Anayambira kumtsinje, maenje awo n'kumakwera pang'onopang'ono kulunjika kumanda athu. Masiku omwewo wapolisi wa dera lathu, Mshona wamtali wofatsa, anaitanitsa msonkhano m'shedi ya fodya. Anati apolisi ndi ochepa, galimoto ndi imodzi, choncho tisankhe zinthu zitatu zimene zikutisowetsa tulo kuposa zina zonse. Eni mapuloti olima anafuula za kubedwa kwa mapaipi othirira. Amuna anati ng'ombe. Chachitatu chinavuta, ena akuti kachasu, ena akuti manda. Anzathu Achishona akamwalira amawanyamula kupita kumusha, kwawo. Ife agogo athu anachoka ku Dedza wapansi, ndipo palibe anabwerera. Tilibe mudzi wina wokagonako. Manda anapambana ndi manja ochepa chabe.

Loweruka lotsatira m'mawa tinapita konko, komboni yonse, kukakhoma zikhomo za mpanda. Wapolisi anati m'kati mwa mpandawo aliyense wogwira fosholo adzamangidwa, koma kunja kwake iye alibe mphamvu. Wapampando wa anebahudu, amene analinso mkulu wa adzukulu okumba manda, ankatsogolera ndi hamala. Anazungulira mitumbira yonse bwinobwino, ndi ya makedzana yomwe yongotsala ndi mbale zosweka. Kunsi, pakati pa mtumbira womaliza ndi maenje, kunatsala kamalo ka udzu kopanda chizindikiro chilichonse. Makorokoza anali atakhala pa milu ya dothi lawo, akusuta, kudikira kuti timalize.

Ine ndinadziwa kuti mwana wanga ali penapake m'kaudzu komweko. Tsiku lija anatuluka naye ndinasuzumira pawindo n'kuona amayi aja akulowera kunsi. Koma ndikanati chiyani? Mtayo satchulidwa pagulu, ndipo malo enieniwo sindinkawadziwa. Amati mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo ine ndinali mbewa imeneyo. Ndinangoima, manja m'khosi.

"Mwasiya ana kunja," anatero amayi a wezulo.

Wapampando sanaleke n'kukhoma komwe. "Ana ati, mayi? Manda onse a pafamu pano ndakumba ndine. Hapana chandisingazive, palibe chimene sindidziwa."

"Inu mwakumba a anthu a mayina."

Wapolisi anayandikira ndi kabuku kake. "Ambuya, ndazvinzwa, ndamva ndithu, koma ndilemba chiyani? Mtumbira palibe, mtanda palibe. Popanda umboni sindingathamangitse munthu pa udzu."

Amayiwo sanatsutse. Anatuma akazi awiri kukatola miyala pa milu ya makorokoza omwewo, nadzaza beseni. Kenaka amayiwo anavula patapata n'kulowa m'udzu opanda nsapato. Anzawo onse amene ankaika nawo ana anali atamwalira, anatsala okha. Anaima pachulu, nayang'ana mtengo wa msekese, nayenda mapazi angapo milomo ikugwedera. Anaima. Anatenga mwala m'beseni, koma sanauike okha. Anaitana mayi wina wa mvano amene anali kumbuyo kwenikweni.

"Msana ukundipweteka, tandiikirako apa."

Mayi uja anaika. Amayiwo anayendanso, naimanso, nadumpha akazi onse amene anali pafupi n'kuitana wina wa patali. Ine ndinkati m'mtima, nanga msana wake ndi wotani wosankha anthu? Pa mwala wachitatu m'pamene ndinazindikira chimene ankachita. Sanatchule dzina la munthu, sananene kuti apa pagona wa uje. Mwambo sanauphwanye ngakhale pang'ono. Ankangopempha thandizo, ndipo aliyense wopemphedwa ankagwada n'kuchedwa kudzuka.

Mpaka lero sindimvetsa kuti mutu umodzi unasunga bwanji zonsezo. Udzu umene uja unapsa chaka ndi chaka, mvula inakokolola, ng'ombe zinaponda, eni famu anasintha. Iwo ankayenda ngati munthu woyenda m'nyumba mwake. Pena ankabwerera phazi limodzi, n'kupukusa mutu, n'kusunthira kumanzere pang'ono. Ndinaona akazi amene ndinkapalira nawo fodya mzere umodzi zaka zonsezi, osadziwa kuti nawonso ankayang'ana kunsi kuno akamadutsa. Mkazi wa wapampando anaitanidwa katatu. Kachitatuko mwamuna wake anaika hamala pansi, nakhala pa chitsa, nagwira kumutu.

Wapolisi anavula chipewa. "Nekwedu ndizvo," anatero motsitsa mawu, "kwathunso ana otere amagona pafupi ndi madzi." Analeka kulemba. Anauza anebahudu kuti azule zikhomo za kunsi, adikire pamene amayiwo amalizire.

Koma ine ndinali ndisanaitanidwe. Miyala m'beseni inkachepa, ndipo amayiwo ankatsikira kumaenje. Anaika wina, si ine. Anaika winanso, si ine. Kutsogolo kwawo kunatsala dzenje lalikulu lodzaza madzi ofiira, ndi mulu wa dothi limene linali litasefedwa kale. Ndinayang'ana mulu umenewo. Ndinaganiza kuti wanga anapita kalekale m'sefa ya munthu, ndipo amayiwa akusowa pondiuzira.

Anafika m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Makorokoza awiri amene anakhala pamenepo anadzuka okha n'kupatuka. Amayiwo anayang'ana msekese, nayang'ana chulu, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Phazi limodzi lokha kuchoka pamene fosholo inalekezera dzulo lake. Anatenga mwala woyera, waung'ono ngati dzira la nkhuku, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo ndinawayang'ana m'maso.

"Iwe mwanawe, tabwera. Msana."

Ndinagwada. Dothi linali lofunda ndi dzuwa, udzu wake wamfupi, wamba. Ndinaika mwalawo n'kuupanikiza ndi manja onse awiri, ndipo chimene ndinachimeza tsiku lija chinakwera chokha. Ndinayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma zinakanika. Mtayo salira, anthu onse anali pomwepo, apongozi anga aamuna ndi akulu a mpingo omwe.

Pamenepo wezulo analira pamwamba pa mutu wanga. Amayiwo anali atandifulatira, ataima pakati pa ine ndi gulu, akuimbira makorokoza kuti achoke, ngakhale iwo anali atanyamula kale mafosholo awo. Anaimba mwamphamvu, napuma, naimbanso, mpaka ana anatseka makutu ndipo agalu a kukomboni anayamba kuuwa. Palibe anamva mawu anga. Sanaleke mpaka ine nditamaliza.