Ndevu za M'phanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene ababa anandisungitsa mwala, ine n'kuupha. Musaseke, mwala umafa ndithu. Ndinaona ndi maso angawa.

Ababa anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'munsi mwa mapiri a Mphunzi. Amuna ena amadwala mowa, ena mpira, koma ababa ankadwala miyala. Loweruka lililonse ankanyamula kahamala ndi thumba n'kulowera kuphiri, ndipo kunsi kwa bedi lawo kunali mabokosi a machesi osawerengeka, lililonse kamwala kake ndi dzina lake. Amayi ankangopukusa mutu. "Amuna anzanu akubwera ndi mbatata, inu mukutituta phiri!" Mwa ana anayi, ine Filomena, woyamba kubadwa, ndine ndekha ndinkawatsatira.

Ankandiuza kuti miyala ili ndi mafuko ngati anthu, koma poti siyankhula, umachita kuiyesa. Uone mtundu wake, uukande ndi chikhadabo, ukakana uukande ndi msomali. Uugwetsere m'madzi. Pomaliza, ngati uli wolimba mtima, uukhudze ndi nsonga ya lilime.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinapitirira phanga lija la zojambula zofiira ndi zoyera za anthu akale, n'kukwawira m'kamphako kena konunkha mileme. Kudenga kwake, kumene mvula sifika koma thanthwe limachita thukuta, kunamera tinthu toyera tonyezimira, topyapyala ngati ndevu za chimanga. Ababa anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa. Nditakhudza ndi chala, tinathothoka.

"Lawa, koma ulavule," anatero.

Ha! Kanandimanga lilime ngati nthochi yosapsa, kenako kanasiya kukoma kwa dzimbiri. Ababa anaponya kachidutswa m'kapu ya madzi amene tinatenga, ndipo kanazimirira tikuona.

"Uwu ndi wa fuko la salifeti, m'bale wake wa mchere wotsuka m'mimba uja amapereka kuchipatala. Fuko ndalidziwa, koma mwini wakeyu ayi. M'buku langa mulibe."

Anatero ababa mwachimwemwe. Anadula kachigawo konga chala chachikulu pamodzi ndi thanthwe lake, n'kukaika m'kabotolo ka mankhwala, ndipo titafika kunyumba anamata chitsekero ndi kandulo. Anati podikira kuti akatswiri a miyala ku Zomba atiuze dzina lenileni, tizingoti ndevu za m'phanga.

Ku Zombako mwalawo sunapite. Inali nthawi imene kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kunkamveka mfuti, ndipo munthu woyendayenda m'mapiri ndi mapu, wolemba zilembo ndi manambala zosamveka m'kope, sankachedwa kunong'onezedwa. Amene anawanenera ababa sitinamudziwe mpaka lero. Amuna atatu anabwera ndi galimoto kudzawatenga Lachiwiri m'mawa, ife tikusewera fulaye pa nthawi yopuma. Anawalola kukatenga jekete kunyumba, ine n'kuwathamangira. Kuchipinda anandifumbatitsa kabotolo kaja.

"Filo, undisungire. Usakhudze madzi, wamva? Ndikabwera tidzautumiza."

"Mubwera liti, ababa?"

"Iwe sunga."

Amunawo anatenga makope onse. Masana omwewo amayi anakhuthulira mabokosi a miyala aja m'chimbudzi, akulira mosatulutsa mawu. Kabotolo ndinakabisa m'dilesi. Sabata isanathe anatitulutsa m'nyumba ya sukulu, ndipo tinasamukira kumudzi kwa amayi. Masiku amenewo munthu akatengedwa sunkafunsa kumene wapita. Anthu amene kale ankadya kwathu anayamba kutipatsa moni woyang'ana kumbali.

Kabotolo kaja ndinkakasuzumira tsiku ndi tsiku. Kwa ine, malinga ngati ndevu zija zikunyezimira, ababa analipo ndipo abwera. Ndiye kunafika Juni. Amene anakulira ku Dedza akudziwa: nkhungu imakhala pamudzi masiku atatu osasuntha, mabulangete amazizira ngati anyowa, machesi amakana kuyaka, mchere umalira m'chitini. M'mawa wina ndinaona timadontho ta madzi m'kati mwa galasi. Mayo ine! Madzi, chinthu chokhacho chimene ababa anandiletsa!

Mwana aliyense wa mlimi amadziwa kumene timaika chinthu choopa chinyezi. Ndi pa nsanja, pamwamba pa moto wa m'khitchini, pamene pamakhala chimanga cha mbewu. Ndinapala kandulo uja ndi mpeni, ndinatulutsa mwala mosamala, n'kuugoneka pa phale kuseri kwa zisononkho za mbewu. Amayi sindinawafunse, poopa kuti nawonso ukathera kuchimbudzi. Safunsa anadya phula. Ndipo ndinkadziona wanzeru, ine!

Patatha masabata awiri ndinakwera pa mtondo kukautenga. Kunyezimira konse kunali kutatha, ndevu zija zitasanduka mbuu ngati choko. Nditangonyamula phale, zinagumuka. Panatsala kamwala kakuda wamba ndi kaufa kosadzaza supuni. Ndinayesa kumata ndi malovu, koma pamene ndinakhudza panasungunuka n'kusanduka banga pachala. Kotsalako ndinakakokolera m'botolo.

Ababa sanali womenya. Akakwiya ankavula magalasi, n'kukuitana dzina lonse, "Filomena," pang'onopang'ono, mpaka unkalakalaka akanangokukwapula. Ndinayamba kuwaopa mawu amenewo kuposa china chilichonse. Galimoto ikamveka kumsewu, ang'ono anga ankathamanga akufuula "Ababa! Ababa!" Ine ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe.

Tsono nachi chimene sindinauzepo munthu. Lamulungu lina m'tchalitchi, amayi anatinong'oneza kuti tipempherere abambo athu abwere msanga. Ndinagwada, ndinatseka maso, ndipo mumtima ndinati: Ambuye, asabwere msanga. Ayambe adikira, ndipeze mwala wina.

Kamodzi kokha. Sindinabwerezenso.

Chilimwe chitafika ndinakwera phiri ndekha, ndikunamizira nkhuni. Kawiri ndinasochera. Kachitatu ndinaipeza mphako ija, koma abusa a mbuzi anali atasonkhamo moto wootchera mbewa, ndipo denga lonse linali bii ndi mwaye. Ndinakanda mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Munalibe kanthu.

Ababa anakhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi. Khirisimasi iliyonse amayi ankati Mulungu sakumva mapemphero athu. Ine ndinkangoweramira m'mbale, chifukwa ndinkadziwa kuti wamva, ndipo ndinkadziwa pemphero la ndani.

Anabwera masana ena, wapansi, popanda uthenga. Ndinawaona akudutsa m'munda wa nyemba ndipo ndinayesa mlendo wopempha madzi. Anali ataonda mpaka jekete lija kulendewera, magalasi alibe, mano akutsogolo awiri palibe. Amayi anawaikira mpando, koma iwo anakhala pansi, msana kukhoma. Madzulo ake ndinawamva akufunsa amayi, m'nyumba mwawo momwe, "Kodi ndingapite kuseri?"

Ndinadikira funso la mwala uja. Sabata inatha. Mwezi unatha. Ankakhala pakhonde kuyang'ana manja awo, ndipo phiri ankalipatsa nkhongo. Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinatenga kabotolo, ndinagwada patsogolo pawo, n'kupereka ndi manja awiri.

"Ababa, mwala wanu uja ndinauwononga. Ndinauyanika pa nsanja."

Anakatembenuza, n'kukabweretsa pafupi ndi maso. Kaufa kaja kanatsetserekera mbali imodzi.

"Mwala uti, mwanawe?"

"Ndevu za m'phanga, ababa. Munati ndikusungireni."

"Oo," anatero, n'kundibwezera. "Wachita bwino. Kasunge."

Ndinathamangira kuseri kwa khitchini ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire tsiku limene anatengedwa. Anakhala nafe zaka ziwiri zina, ofatsa, othokoza chilichonse, kenako chifuwa chinawatenga.

Zimene zinachitika pa nsanja paja ndinadzazimvetsa ndili ku koleji ya uphunzitsi. Mphunzitsi wathu wa sayansi, mayi wina wa ku Kasina, anawotcha timiyala tobiriwira m'kabotolo kagalasi. Timiyalato tinatuluka nthunzi, n'kusanduka ufa woyera. Anafotokoza kuti m'fuko la salifeti muli miyala ina imene madzi ndi mbali ya thupi lake lenileni. Ukaiviika imasungunuka, inde, koma ukaiumitsa imagumuka. Timadontho tija ta m'botolo la ababa tinali mpweya wa mwala womwewo, ndipo botolo lomata ndi kandulo ndilo linkausunga. Ababa ankazidziwa zonsezi. Kungoti pakhomo panali amuna atatu, ndiye anangokwanitsa kunena theka.

Anzanga atatuluka ndinatsalira, n'kufunsa ngati ufa wotero ungabwerere ukauthira madzi.

"Ungapeze kamchere ndithu," anandiyankha, "koma nthawi zambiri si komwe kaja. Abale a m'fuko limeneli ndi ambiri, ndipo amafanana. Timawasiyanitsa ndi chitsulo chimene chili m'kati, kuchuluka kwa madzi, ndi kameredwe kake. Ukaumitsa, wafufuta ziwiri."

Choncho mwala wa ababa unapita wopanda dzina. Mwina unali wodziwika kale kwa akatswiri, mwina ayi. Palibe adzatiuze.

Lero ndine gogo wopuma pa ntchito, ndipo mutu wanga umadziwa bwino lomwe kuti pemphero la kamtsikana kamantha silitseka chitseko cha ndende. Anatseka ndi anthu, ndipo makiyi anali m'manja mwa anthu. Koma mtima suphunzira ku koleji. Chimene ndinaphunzira, mochedwa, n'chakuti munthu amene angathe kukukwiyira chifukwa cha chinthu chake ndiye kuti akadalipo yense, ndipo mkwiyo wakewo ndi wofunika kuuthamangira, osati kuubisalira. Zaka zitatu ndinkathawa funso limodzi. Zaka zonse zotsalazi ndakhala ndikulilakalaka: kuti avule magalasi, andiyang'ane, anene pang'onopang'ono, "Filomena, mwala wanga uli kuti?"