Meya wa ku Beljiyamu pakhoma la a Gwanda

Alamu anga a Fryson Gwanda atha zaka 17 akukankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, kuno kudziko la azungu, koma mukawafunsa za ntchito yawo amayambira ku Zomba. Kumeneko anali kalaliki wa khoti. Ankalemba zonse zimene maloya ankanena, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti akanazinena bwino kuposa eni akewo. Ine ndine mng'ono wa akazi awo, a Malita, choncho kuwaseka ndi ufulu wanga ndipo sindiusungira mawa.

Bambowa sankasirira galimoto kapena nyumba zamiyala za anthu olemera a ku Pollokshields. Njala yawo inali imodzi, yoti tsiku lina anthu adzakweze manja chifukwa cha dzina lawo, adzasankhidwe pampando ngakhale kamodzi kokha.

Tsiku lina anapita kusitolo ya kaunjika ku Maryhill kukafuna jekete, n'kubwerako atakupatira chithunzi. Chinali cha mzungu wandevu zambiri, atavala lamba wansalu wopingasa pachifuwa. Kuseri kwake winawake analembako ndi pensulo mbiri ya munthuyo. Anali wa ku Beljiyamu, wa m'zaka za m'ma 1800. Anakhala loya ali ndi zaka 26, meya wa katauni kakwawo ali ndi zaka 39, nduna ya boma ali ndi zaka 52, ndipo ndiye anaika nyale m'mbali mwa ngalande ya m'tauniyo. Dzina lake linatikanika tonse kutchula, tinangomupatsa lakuti a Meya. Achemwali anafunsa za jekete, alamu anayankha kuti jekete ndi nkhani yaing'ono.

Fulati yawo yayang'anizana ndi ngalande yodutsa mabwato, ndipo masiku opuma alamu ankalawirira kukayenda m'mbali mwake, manja kumbuyo. Anandiuza okha kuti kukachita nkhungu, nyumba za tsidya lina zimasintha, madenga amasongoka, ndipo amamva hatchi ikukoka bwato pang'onopang'ono. Kenako a Meya amatulukira m'nkhungumo n'kuyamba kuyenda nawo limodzi. Amakambirana za nyale, za mabenchi oti okalamba azipumirapo, za mmene munthu amatsegulira msonkhano.

"Ndiye mumamvana chiyankhulo chanji, alamu?" ndinafunsa.

"Chichewa, mlamu. Cha ku Zomba chenicheni."

Ndinaseka mpaka misozi, koma pobwerera kwathu m'basi ndinawamvera chisoni.

Sitepe yoyamba ya a Meya ankati anaikwera kale. Aliyense wa m'mafulatiwo amene khoma lake lachita chinyontho kapena wakhala sabata wopanda madzi otentha ankagogoda kwa a Gwanda, iwo n'kumulembera kalata yopita kwa eni nyumba, yokhala ndi ndime zamanambala ngati za kukhoti. Makalatawo ankagwiradi ntchito. Umenewo ndiye unali uloya wawo. Chotsatira chinali umeya, ndipo umeya wa m'mafulatiwo ndi wapampando wa komiti ya anthu okhalamo.

Chisankho chinachitika Loweruka masana m'kaholo ka pansi. Alamu anavala suti, ine ndi achemwali tinakhala kumbuyo. Mayi wina wokalamba wa pansanjika yachiwiri, a Winifred, anatchula dzina la a Gwanda, ndipo anthu anavomereza ndi mitu. Alamu anaimirira, dzanja pachifuwa, n'kunena m'Chingerezi chawo cha kukhoti kuti iwo ndi munthu wamba, alipo ena odziwa kuposa iwo, sangathe. Anakhala pansi akumwetulira, kudikira.

Kwathu zimenezi ndi ulemu basi. Munthu woleredwa sathamangira mpando. Amakana, anthu amakuwa kuti inu nomwe, amakananso, mpaka amukoke dzanja. Koma kuno mlembi anangoti amva ndipo akulemekeza maganizo awo, n'kupempha dzina lina. Pasanathe mphindi zitatu anali atasankha Dave, bambo amene anapuma pantchito yowotcherera zitsulo kopangira sitima za m'madzi, amenenso mpandowo sankaufuna n'komwe. Alamu anawomba nawo m'manja, kumwetulira kuja kutaumira pankhope.

Atafika m'nyumba anatembenuza chithunzi chija kuti chiyang'ane khoma. Kungalande anasiya kupita. Apa mpamene achemwali anandiululira kuti aka kanali kachiwiri. Kale ku Zomba, mlangizi wina wochokera kunja amene ankagwira ntchito kukhotiko anawafunsa ngati angakonde malo okaphunzira zamalamulo. Alamu anakana mwaulemu womwewo. Mzunguyo sanafunsenso, malowo anapita kwa wina, ndipo alamu anangotsimikiza mumtima kuti anawaona kuti ndi osayenera.

Ndinapsa mtima. Ndinakwiyira alamu chifukwa cha ulemu wodzipweteka nawo, ndinakwiyiranso anthu a kuno amene amamva mawu okha osayang'ana nkhope. Patapita miyezi ndinakumana ndi Dave pamasitepe atanyamula mafayilo a komiti, akudandaula kuti makalata amamudwalitsa mutu, ndipo ndinamukhuthulira zonse. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anafunsa chifukwa chimene a Gwanda sananene kuti akufuna. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wabwino sanena zimenezo. Anakanda dazi lake kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti munthu amafunsidwa kangati. Ndinati katatu.

Alamu sitinawauze kanthu. M'malo mwake, chisankho china chitayandikira, achemwali anayamba kuwaphunzitsa kuvomera.

"Bambo a Chiyamiko, kungoti yes basi. Tayesani."

"Yes."

"Osati ngati mukupepesa maliro. Bwerezani."

Loweruka la chisankholo litafika, Dave analengeza kuti akutula pansi udindo, ndipo iye mwini anatchula dzina la a Gwanda. Alamu anaimirira. Ndinaona milomo yawo ikukonzekera mawu amene anaphunzira aja, koma dzanja linapita lokha pachifuwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakale chomwe chija: iwo ndi munthu wamba, sangathe. Achemwali anandifinya mkono mpaka kupweteka. Alamu anakhala pansi, mutu uli chowerama, atadziwa kuti adzilanda okha kachitatu.

Mlembi sanalembe kanthu. Dave anakhosomola, n'kunena kuti wamva, koma akufunsanso. Alamu anadzutsa mutu ngati munthu amene wamva dzina lake kumalo kosadziwika. Anakananso, koma ndi mawu aang'ono, ongokwaniritsa mwambo. Apo a Winifred anadzuka ndi ndodo yawo, anthu ena onse n'kudzuka nawo, ndipo mayiwo anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali alamu, n'kuwagwira dzanja n'kuwakoka. Kani Dave anali atayenda khomo ndi khomo kuwafotokozera.

Alamu sanathe kunena yes. Anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pa tayi. Manja onse m'holomo anali m'mwamba, ndipo ine wowaseka uja ndinalira kuposa onse.

Madzulo ake chithunzi chinayang'ananso kuchipinda chochezera, koma asanachipachike alamu analemba kuseri kwake ndi pensulo, pansi pa zaka za a Meya: Fryson Gwanda, 64. Achemwali anawachenjeza kuti zaunduna asaziyambe, iwo atopa.

Mmawa wa Lolemba ndinawaperekeza kungalande. Nkhungu inali itaphimba madzi, mlatho ukungooneka theka. Anandionetsa pamene akufuna kuti paikidwe benchi yoyamba, pafupi ndi pokwerera mlathowo, kuti a Winifred azipumirapo. Ndinawafunsa mowaseka ngati a Meya abwera kudzawayamikira. Anayang'ana m'nkhungumo nthawi yaitali.

"Lero sanabwere," anatero. Tinayenda pang'ono, manja awo ali kumbuyo. "Mlamu, zaka 40 ndakhala ndikuganiza kuti ku Zomba anandiyeza n'kundipeza wopepuka. Kani mlangizi uja sankangodziwa kuti kwathu amafunsa kachiwiri."